Chigamba pa makina osagona: mbiri ya luso losintha kernel ikugwira ntchito

Malonda a pamalire a Muloza ndi Milange sadikira munthu. Kukamacha njinga zosenza matumba a chimanga, nandolo ndi nyemba zimakhala zayamba kale ulendo wochoka m'midzi yozungulira phiri la Tumbine kulowera ku Limbuli, ndipo shuga, sopo ndi ziwiya zapulasitiki za ku Blantyre zimakhala zikuwolokera ku Feira da Amizade. Wamalonda wa kuno amayenda ndi makwacha m'thumba ili, mametikali m'thumba ilo, ndi masimukhadi a mbali zonse ziwiri. Chiyambire Airtel Money ku Malawi mu 2012, Mpamba wa TNM ndi M-Pesa ya Vodacom ku Mozambique mu 2013, kenako e-Mola ya Movitel, ndalama zambiri zinasamukira m'foni, kutanthauza kuti zinasamukira m'makompyuta akutali amene wogulitsa chimanga sadzawaona n'komwe. Makina otere akaima, msika umamva kuwawa. Mu Novembala 2018 netiweki ya SIMO, yolumikiza mabanki ambiri a ku Mozambique, inazima kwa masiku angapo chifukwa cha mkangano ndi kampani yomwe inkapereka pulogalamu yake, ndipo makhadi a anthu anakanidwa m'masitolo ndi m'makina otapira ndalama m'dziko lonse. N'chifukwa chake mbiri ya luso lina losaoneka ndi maso ikutikhudza: luso losintha malangizo a mkatikati mwa kompyuta ili chigwirire ntchito, osaizimitsa. Mfundo yanga ndi yakuti lusoli linakhwima pokhapokha akatswiri atagonjera lamulo limodzi lotopetsa, lakuti purosesa iliyonse ya m'makinamo iyenera kudziwitsidwa ndi kudikiridwa, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yololedwa kuwerenga langizo losinthidwa theka.

Kernel ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Ndiyo imagawa nthawi ya purosesa pakati pa mapulogalamu, imalondera malire kuti pulogalamu ina isasuzumire zinsinsi za inzake, imalankhula ndi disiki, batire ndi netiweki. Kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991, lero ili m'foni iliyonse ya Android, kuphatikizapo za Tecno ndi Itel zodzaza m'misika yathu, ndiponso m'maseva ochuluka a intaneti. Mizere yake inapitirira kale mamiliyoni 30, ndiye zolakwa sizingasowemo. Bowo lotchedwa Dirty COW, lomwe linaululika mu Okutobala 2016, linali litabisala zaka 9, ndipo linkalola munthu wamba wolowa m'makina kudzitengera ulamuliro wonse. Njira yakale yotsekera bowo lotere ndi kuika kernel yatsopano, kuzimitsa makina ndi kuwayatsanso. Pa kompyuta ya pakhomo zimenezi sizivuta. Koma mu Seputembala 2014 kampani ya Amazon inachita kuzimitsa ndi kuyatsanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a makina ake obwereketsa a EC2 pofuna kutseka bowo m'pulogalamu ya Xen, ndipo makasitomala ake padziko lonse anayenera kusamutsa ntchito zawo kapena kupirira kuima.

Purosesa ikakhala imodzi, kusintha malangizo si nkhani, pakuti wolemba ndi wowerenga ndi yemweyo: amayamba waletsa zomusokoneza, n'kulemba, n'kupitiriza. Zinthu zinasintha makina atayamba kukhala ndi mapurosesa angapo owerenga memory imodzi, zomwe Linux inayamba kuthandiza mu 1996 ndi mtundu wa 2.0, ndipo lero ngakhale foni yotsika mtengo imakhala nawo anayi kapena asanu ndi atatu. Pa mapurosesa a x86 a Intel ndi AMD langizo limodzi limatenga kuyambira baiti imodzi mpaka mabaiti 15, ndipo langizo lolumphira ku ndime ina, lomwe ndilo chida chachikulu cha woika chigamba, limatenga mabaiti 5. Purosesa yoyamba ikamalemba mabaiti asanuwo, yachiwiri ikhoza kufika pamalo omwewo itangolembedwa awiri, n'kuwerenga chinthu chosakhala langizo lakale kapena latsopano, n'kuchichita. Choipitsitsa n'chakuti purosesa yamakono imatola malangizo pasadakhale n'kuwasunga mwa iyo yokha, motero ingathe kuchita zakale ngakhale zatsopano zitalembedwa kale. Mabuku a Intel amachenjeza za zimenezi poyera, ndipo amalamula kuti purosesa yowerenga iyambe yachita langizo lapadera lotaya zonse zimene inatola pasadakhale isanakhudze malangizo osinthidwa. Ngozi yake ndi yoti kunyalanyaza chenjezoli sikubweretsa chilango nthawi yomweyo. Kusintha kwachisawawa kungadutse bwinobwino kambirimbiri, kenako tsiku lina makina n'kugwa popanda chizindikiro cha chimene chawagwetsa, ndipo m'pamene panagona chiyeso chimene anthu anzeru ambiri anagweramo.

Anthu a ku Milange anaona kale ndi maso awo njira ziwiri zosinthira chinthu chimene aliyense akuchigwiritsa ntchito nthawi imodzi, ndipo anaziona pa ndalama. Pa 16 Juni 1980 boma la Samora Machel linabweretsa metikali m'malo mwa escudo. Zokonzekera zinachitika mwachinsinsi, ndipo anthu anapatsidwa masiku owerengeka oti asinthe zimene anali nazo: dziko linaima pamzere, n'kudzukanso lili ndi ndalama imodzi. Pa 1 Julayi 2006 Banco de Moçambique inachita mwina. Inachotsa maziro atatu, mametikali 1,000 akale n'kukhala metikali imodzi yatsopano, ndipo ndalama ziwirizi zinayendera limodzi mpaka 31 Disembala chaka chomwecho, mitengo ikulembedwa m'mitundu yonse iwiri. Msika sunaime, koma aliyense anayenera kusamala kuti asaphatikize zikwi zakale ndi zatsopano m'chiwerengero chimodzi. Mkangano wonse wa akatswiri a kernel kwa zaka khumi ndi zingapo unali pa njira ziwiri zomwezi: kuimitsa onse kamphindi, kapena kulola zakale ndi zatsopano ziyendere limodzi pansi pa ulonda wokhwima.

Njira yoimitsa onse ndiyo inayamba. Rusty Russell wa ku Australia analemba chida chotchedwa stop_machine, chomwe chimaitana purosesa iliyonse kuti isiye chimene ikuchita, izungulire pamalo amodzi odziwika, ndipo isasunthe kufikira imodzi yosankhidwa itamaliza kulemba. Pa chida chimenechi m'pamene Jeff Arnold, wophunzira wa pa MIT ku America, anamangapo Ksplice, imene anailengeza mu 2008. Nzeru yake inali yoyerekeza kernel yakale ndi yokonzedwa zitasandutsidwa kale malangizo a makina, kupeza ndime zimene zasintha, kulowetsa ndime zatsopano m'memory, kenako kuika langizo lolumpha pakhomo pa ndime yakale iliyonse. Makina ataima, Ksplice inkayamba yafufuza ngati pali ntchito ina imene idakali mkati mwa ndime yosinthidwayo kapena ikuyembekezera kubwereramo, ndipo ikaipeza inkamasula makina n'kudzayesanso pambuyo pake. Mu lipoti la 2009 limene Arnold analemba ndi mphunzitsi wake Frans Kaashoek, anaonetsa kuti mwa zigamba 64 zachitetezo zotuluka pakati pa 2005 ndi 2008, zokwana 56 zinalowa popanda kulemba mzere wina woonjezera, ndipo makina ankaima nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Zigamba 8 zotsalazo n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa zinali zosintha tanthauzo la zinthu zosungidwa kale m'memory, ndipo zimenezo zinafuna munthu woganiza. Oracle inagula Ksplice mu Julayi 2011 n'kuisandutsa ya makasitomala ake olipira.

Chaka chomwecho cha 2008 chinapereka phunziro lowawa kuposa onse. Steven Rostedt anali atalemba ftrace, chida chothandiza kuona ndime zimene kernel ikudutsamo. Pofuna kuti chisachedwetse makina, ftrace inkalemba mndandanda wa malo oitanira amene yawaona, kenako n'kubwerera kukafufuta malangizo a pamalopo kernel ili mkati moyenda. Koma nthawi zina ndime imene inali pamalopo inkakhala itachotsedwa kale, ndipo adiresi yomweyo itaperekedwa kwa chinthu china. Pa makompyuta ena chinthucho chinali kachikumbutso kosafufutika ka m'khadi la netiweki la Intel, loyendetsedwa ndi pulogalamu ya e1000e. Anthu oyesa Linux 2.6.27 isanatuluke anayamba kudandaula kuti makhadi awo afa, ndipo ngakhale kuzimitsa ndi kuyatsanso sikunkawadzutsa. Panatenga milungu kuti gwero lake lipezeke, popeza palibe ankaganiza kuti chida chongoyang'anira chingaononge chitsulo. Anachikonza posamutsa ntchito yolemba mndandanda uja kuti izichitika pomanga kernel, kuti wosintha asamadalirenso zimene anaona dzulo. Chimene ndimaona chachikulu m'nkhaniyi n'chakuti inachitikira poyera. Cholakwa, kufufuza ndi kukonza kwake zonse zinalembedwa pamene aliyense angawerenge, ndipo luso lililonse limene limabisa ngozi zake limazibwereza.

Kuimitsa makina onse kunali kotetezeka koma kodula, makamaka mapurosesa atachuluka kufika mazana m'makina amodzi, pakuti onse amadikira wochedwetsetsa. Yankho linachokera ku langizo laling'ono kwambiri la x86, lotchedwa int3, la baiti imodzi yokha, limene limaimitsa purosesa yolikhudza n'kuitumiza kwa woyang'anira. Baiti imodzi singalembedwe theka. Choncho wosintha amayamba waika int3 pa baiti yoyamba ya langizo lakale, n'kutumiza uthenga kwa mapurosesa onse kuti ataye zimene anatola pasadakhale, n'kudikira onse ayankhe. Kuchokera pamenepo aliyense wofika pamalopo amakodwa n'kulondoleredwa njira yolambalala. Wosintha amalemba mabaiti otsala mosatekeseka, amaitananso onse n'kudikira, ndipo pomaliza amachotsa int3 n'kuikapo baiti yoyamba ya langizo latsopano, n'kuitananso kachitatu. Rostedt anaika njirayi mu ftrace mu 2012, ndipo mu 2013 Jiri Kosina wa ku SUSE anailemba ngati chida cha onse chotchedwa text_poke_bp. Wowerenga aone kuti makina saimanso, koma kudikira sikunachoke. Kwangogawidwa patatu. Microsoft inafika pa mfundo yofanana podzera kwina: kuyambira m'nthawi ya Windows Server 2003 inkasiya pakhomo pa ndime langizo la mabaiti awiri losachita kanthu, ndi malo a mabaiti 5 ndimeyo isanayambe, kuti tsiku la chigamba pasadzakhale purosesa yopezeka pakati pa malangizo osinthidwa. Mapurosesa a ARM a m'mafoni ali ndi mwayi wakuti malangizo awo a 64-bit onse ndi a mabaiti 4, komabe buku lawo limangolola malangizo owerengeka, monga olumpha ndi osachita kanthu, kusinthanitsidwa ena akuwerenga.

Kulemba mabaiti mosamala kunathetsa theka la vuto. Theka linalo ndi la tanthauzo: ntchito imene inalowa m'kernel pansi pa malamulo akale isatulukire pa atsopano. Kumayambiriro kwa 2014 makampani awiri anatulutsa mayankho osiyana patangodutsana milungu yochepa. Kpatch ya Red Hat, ya Josh Poimboeuf ndi Seth Jennings, inatsata njira ya 1980, yoimitsa onse ndi kufufuza. KGraft ya SUSE, ya Vojtech Pavlik, Jiri Kosina ndi Jiri Slaby, inatsata ya 2006: ndime zakale ndi zatsopano zimakhalira limodzi, ndipo ntchito iliyonse imasamutsidwira ku zatsopano payokha pamene yatuluka m'kernel. Njira iliyonse inali ndi chilema chake. Yoyamba inkalephera ngati ndime yofunika kusintha simasowa wokhalamo, yachiwiri inkatha kudikira mpaka kalekale ntchito yogona tulo tosadzuka. Magulu awiriwa anakumana ku Düsseldorf mu Okutobala 2014 n'kugwirizana zomanga maziko amodzi, amene analowa mu Linux 4.0 mu Epulo 2015 ndi dzina lakuti livepatch. Poyamba ankangonyamula zigamba zosavuta, ndipo panapita zaka ziwiri kuti mu Linux 4.12, mu 2017, mulowe njira yophatikiza: ntchito zimasamuka imodziimodzi monga mu kGraft, koma yogona imayang'anidwa monga mu kpatch, ndipo ikapezeka kuti sili mkati mwa ndime yosinthidwa imasamutsidwa ili chigonere. Kuti kuyang'anako kukhale kodalirika, Poimboeuf anachita kulemba chida china chofufuza kernel yonse pomangidwa. Zaka ziwiri zimenezo ena anaziona ngati kuzengereza. Ine ndimaziona ngati umboni wakuti anthuwa anali ataphunzira za 2008.

Wotsutsa woyamba adzati zonsezi n'kudzivutitsa. Makina abwino amamangidwa awiriawiri kapena ambiri, kuti ena akazima ena apitirize, ndiye wozimitsa mosinthanasinthana safuna chigamba chamoyo. Mfundoyi ndi yoona ndipo siyenera kupeputsidwa. Ngakhale opanga livepatch amavomereza kuti chigamba chimangogula nthawi, ndipo mabowo a Meltdown ndi Spectre ataululika mu Januwale 2018 makina ambiri anayenera kuzimitsidwa ndithu, chifukwa kukonza kwake kunakhudza maziko a momwe kernel imayalira memory. Koma wotsutsayu akuganiza za kampani yokhala ndi nyumba zitatu za maseva ndi antchito osinthana usiku. Bungwe laling'ono, chipatala cha m'boma kapena kampani yogulitsa intaneti m'tauni ya kumalire kawirikawiri imakhala ndi seva imodzi ndi katswiri mmodzi, mwinanso wokhala kutali. Kumalo kotere kuzimitsa kumaopedwa, ndipo choopedwa chimazengerezedwa miyezi, bowo lili chitsegukire. Amene chigamba chamoyo chimamuthandiza kwambiri ndi wosaukayo, bola asaiwale kuti tsiku lozimitsa lidakalipo.

Wotsutsa wachiwiri ndi woopsa kwambiri: khomo lolowera wokonza ndi lomwelo lolowera wakuba. Lusoli linalipo kale m'makina olumikiza mafoni, amene kuyambira kale saloledwa kugona, ndipo makina a AXE a Ericsson ankalandira zigamba ali mkati mogwira ntchito Linux isanabadwe. Mu 2004 ndi 2005 anthu osadziwika anagwiritsa ntchito njira yomweyo kulowetsa pulogalamu yachinsinsi m'makina a AXE a Vodafone ku Greece, n'kumamvetsera mafoni oposa 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu Kostas Karamanlis. Zinatulukiridwa kumayambiriro kwa 2005 pamene kusintha kwina kwa akubawo kunachititsa kuti mauthenga ena a SMS alephere kufika. Ndipo pa 19 Julayi 2024 dziko linaona kuti ngakhale wokonza wololedwa angaononge: fayilo yolakwika ya kampani ya CrowdStrike, yowerengedwa ndi pulogalamu yokhala mkati mwa kernel ya Windows, inagwetsa makompyuta pafupifupi mamiliyoni 8.5, ndege zinaima, zipatala zinabwerera ku mapepala. Sindikana kulemera kwa zitsanzo ziwirizi. Koma zikayang'anidwa bwino zikuloza ku lamulo lomwe lija. Ku Greece munthu anasintha makina popanda wodziwa, ndipo ku CrowdStrike kusintha kunatumizidwa kwa onse nthawi imodzi popanda kuyamba ndi ochepa n'kudikira kuona. Mu Linux chigamba chamoyo chimalowa ngati gawo la kernel limene makina angakane ngati lilibe siginecha yodalirika, chimasiya chizindikiro chakuti kernel yakhudzidwa, chimaonetsa ngati kusamuka kudakali mkati, ndipo chingabwezedwe. Kutseka khomo lololedwa sikuchotsa wakuba, popeza amene walanda kale ulamuliro wa kernel safuna chilolezo cha munthu kuti alembemo.

Wachitatu adzafunsa kuti za ku Düsseldorf ndi ku MIT zikumukhudza bwanji mlimi wa ku Milange, boma limene mu 1986 linagwa m'manja mwa RENAMO, anthu ake n'kuthawira ku Mulanje, ndipo mu Malichi 2023 linakanthidwa ndi namondwe Freddy pamodzi ndi Muloza. Kodi alibe mavuto enieni? Ali nawo, ndipo n'chifukwa chake funsoli liyenera kuyankhidwa mosapsatira. Foni imene ili m'thumba mwake imadzisintha malangizo nthawi iliyonse ikamayaka, pamene kernel imadzikonza kuti igwirizane ndi purosesa imene yaipeza, ndipo imatero motsata malamulo amene afotokozedwa pano. Koma mafoni otsika mtengo ambiri amasiya kulandira zokonza zachitetezo patangopita zaka zochepa, ena ngakhale asanafike m'manja mwa wogula wachiwiri, pamene m'foni momwemo ndi m'mene muli ndalama za nandolo za chaka chonse. Luso lilipo, ndipo lambiri ndi laulere. Chosowa ndi wokakamiza kuti lifike kumalire, ndi anthu athu olidziwa. Zimene zinachitika ku SIMO mu 2018 sizinali za kernel, koma zinaonetsa chimene chimagwera dziko lodalira pulogalamu imene ana ake sangaitsegule n'kuikonza.

Malangizo onse a livepatch ndi a njira ya int3 ali poyera m'kernel ya Linux, pamodzi ndi makalata a mikangano imene inawabala, ndipo wophunzira wa ku MUBAS ku Blantyre, wa ku UniZambeze kapena wa ku Universidade Licungo ku Quelimane angawawerenge popanda kulipira kalikonse. Aphunzitsi awo awaike m'maphunziro, pamodzi ndi nkhani ya e1000e. Ndipo mabungwe oyang'anira zamafoni a INCM ndi MACRA, Banco de Moçambique ndi Reserve Bank of Malawi azifunsa kampani iliyonse yosunga ndalama za anthu m'makina kuti bowo lachitetezo likalengezedwa imatenga masiku angati kulitseka, amene amavomereza chigamba ndani, ndipo chikalakwika amachibweza bwanji. Mayankho ake azilembedwa ndi kusindikizidwa m'zinenero zimene ogula amawerenga, Chichewa ndi Chilomwe zili momwemo.